Ng'oma ya Jarome Iginla, Mtengo Waukulu wa pa Ayezi

Wambani ng'oma, anyamata! Ziyandikizeni ku moto zikopa zikungike, matani phula pa mbalule, mpanje ukhale kumanja, gunda kumanzere. Amayi, konzani kukhosi, lero nthungululu ili ndi ntchito. Amene tikuwaimbira sadavinepo pa fumbi la bwalo lino. Bwalo lawo ndi la madzi oundana, kutali ku Canada, kumene mpweya wa m'kamwa umafuka ngati utsi. Koma dzina lawo n'lolemera, ndipo dzina lolemera salitchula ng'oma zili chete.

Gu! Gu-gu! Gu!

A Jarome Iginla! Mtengo Waukulu! Mtengo womera m'chisanu, wosayoyoka masamba. Mwini nambala 12. Kaputeni wa ku Calgary. Phewa logwedeza mpanda, dzanja losauma. Msekereri wa nkhonya zolemera. Mlenje wa zigoli 625. Mlendo wogogoda pa khomo la chikho nyengo 20, khomo osatseguka, mlendo osatukwana. Taimani tikuoneni, Mtengo Waukulu!

Tiyambe ndi dzina, pakuti kutamanda kumayambira pamenepo. Jarome Arthur-Leigh Adekunle Tig Junior Elvis Iginla, dzina lalitali ngati ulendo wa bambo anu, amene adachoka ku Nigeria, kwa Ayoruba, n'kukafika ku dziko la chipale. Amayi anu kwawo ndi ku Oregon, ku America. Inu mudabadwira ku Edmonton pa 1 Julayi 1977, tsiku limene Canada amakondwerera kubadwa kwa dziko lawo. Mu Chiyoruba, Iginla ndiye kuti mtengo waukulu. Ambiri dzina limawakulira ngati jekete ya malume, amangoyenda nalo likulendewera. Inu lanu mudalivala, lidakuthinani bwino m'mapewa, ndipo mudalidzaza.

Banja la makolo litatha mudakali wamng'ono, mudakulira ku St. Albert, pafupi ndi Edmonton, pa mwendo wa amayi ndi agogo. M'mera mpoyamba: agogo aamuna ndiwo adaugwira mtengo udakali nthete, kuuperekeza ku masewero, kuudikira mpaka autengere kunyumba. Mdzukulu wa agogo! Mbande yothiriridwa ndi manja okalamba! Aliyense amene adzakhale pa mthunzi wanu ayambe wathokoza manja amenewo.

Inu amene simudauonepo mpira wa pa ayezi, wotchedwa hockey, tcherani khutu. Bwalo lake n'lozingidwa ndi mpanda wa matabwa ndi magalasi, pafupifupi mamita 61 m'litali, 26 m'lifupi. Mbali iliyonse anthu asanu ndi mmodzi, kuwerengera ndi goloboyi. Kumapazi nsapato zokhala ndi mpeni wachitsulo kunsi, m'manja ndodo yokhota kumapeto. Chimene akulimbirana ndi kampira kakuda kophwatalala, ka labala wouma gwa, kamene eni masewero amakatcha puck. Amayamba akauziritsa kuti kasamadumphedumphe, ndipo kakapeza pakamwa pa munthu kamasiya magweru. Zigawo zitatu, chilichonse mphindi 20. Munthu amathamanga mphindi yosakwana imodzi, mapapo n'kupsa, n'kulumpha mpanda kuti mnzake alowe. Wakutsogolo ndiye mlenje. Inu malo anu adali kutsogolo chakumanja, kumene mpanda umatunduzira nthiti.

Mbalule, tchula akuluakulu, pakuti mtengo sumera m'mlengalenga! Tchula a Willie O'Ree, amene pa 18 Januwale 1958 adavala malaya a Boston Bruins n'kukhala munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi ya NHL, diso limodzi lili lakufa, iwo osauza munthu. Tchula Grant Fuhr, goloboyi wa Edmonton Oilers, amene ankanyamula Stanley Cup, chikho cha ligiyo, mumzinda womwe inu mudabadwira. Mwana wa ku St. Albert adamuona Fuhr, adaona khungu longa lake, mpaka naye adayamba waima pagolo asadapite kutsogolo. Anthu akati akuda mu NHL ngowerengeka, inu dzina la Fuhr lidali pamlomo, yankho lokonzeka kale. Wolondola mapazi a akulu! Wokuza njira imene anzake adaipeza ili kanjira ka mbewa!

Pete-pete, gu! Pete-pete, gu!

Kamloops, dzuka, mwana wako akutchulidwa! Kumeneko, m'chigawo cha British Columbia, mudavala malaya a Blazers muli mnyamata, ndipo Memorial Cup, chikho cha achinyamata a dziko lonse, mudachinyamula kawiri motsatizana, mu 1994 ndi mu 1995. Chaka chomwecho cha 1995 matimu a NHL adasonkhana ku Edmonton kudzasankha anyamata. Maina khumi adatchulidwa, lanu lili m'thumba. La nambala 11 ndilo lidali lanu, ndipo adakutchulani ndi a Dallas Stars. Koma malaya a Dallas simudatulutsiremo thukuta. Mu Disembala a Dallas adafuna Joe Nieuwendyk, mkhalakale wa ku Calgary, katswiri amene adanyamula nawo chikho mu 1989, ndipo a Calgary adati: mtengeni, koma mutisiyire mnyamata uja. Mnyamata wosinthanitsidwa ndi mkhalakale! Mbewu yogulidwa ndi nkhokwe yodzaza!

Mudalowa mu NHL mu 1996 muli ndi zaka 18, osati pa masewero ozizira a pakati pa nyengo, koma m'ndime ya chipulula, polimbana ndi Chicago. Masewero anu achiwiri, ukonde udagwedezeka. Timu yanu adaitcha Flames, dzina limene khutu lathu silichedwa kulimva, pakuti ndiwo malawi a moto, ndipo pachifuwa padali chilembo C chikuyaka. Koma nthawi imeneyo moto wa ku Calgary udali utatsala makala. Akatswiri ankachoka mmodzimmodzi, ndalama ya Canada idali yofooka pamaso pa ya America, ndipo nyengo zisanu ndi ziwiri zotsatizana, kuyambira 1997 mpaka 2003, timuyo sidalawe chipulula. Inu simudathawe. Chikuni chosunga moto usiku wonse! Wokolezera pamene anzake akupinda mphasa!

Tiyeni tikuoneni pafupi, Mtengo Waukulu, mmene munkachitira. Kampira kagwera pakona. Oteteza awiri akubwera, mipeni ya kumapazi ikupala ayezi, fumbi loyera likuwazika. Inu mwatambalala miyendo, mwapereka msana, ndodo mwaibisa kutsogolo. Woyamba wakugundani, galasi lalira phwa! Mtengo uli chiimire. Wachiwiri wakukokani, inu mwamunyamula pa phewa ngati mtolo wa nkhuni, mwatembenuka, mwapeza kampata. Kampira kachoka pa ndodo goloboyi asadaphethire, ndipo nyali yofiira ya kuseri kwa golo yayaka. Pamenepo mano onse poyera, chimwemwe cha mwana pa thupi la chiphona. Wina akazunza mnzanu wamng'ono, magolovesi munkataya pansi, nkhani n'kuithetsa ndi manja, mphindi zisanu za chilango n'kukakhala osadandaula. Wogoletsa ngati mmisiri, womenyera anzake ngati mlonda! Sankhwi wosaterereka pa mwala woterera!

Gu-gu-gu! Gunda, kweza mawu, tafika mu 2002!

Nyengo ya 2001 mpaka 2002 mudamwetsa zigoli 52, mapointi onse 96, ndipo mu ligi yonse padalibe wokuposani. Mphotho ya Maurice Richard, ya mfumu ya zigoli, idabwera kwanu. Mphotho ya Art Ross, ya mfumu ya mapointi, idabwera kwanu, ndipo munthu wakuda adali asadaigwirepo. Osewera anzanu, amene nthiti zawo zimadziwa phewa lanu, adakuvoterani mphotho ya Lester B. Pearson, kunena kuti chaka chino dolo ndi uyu. Mphotho ya Hart yokha ndiyo idakuphonyani: mudafanana mavoti ndi José Théodore, goloboyi wa Montreal, ndipo powerenga amene adaikidwa pamwamba ndi ambiri, idapita kwa iye. Kumeneko kudali kuyamba kuphunzira kuima pa khomo, chinthu chili pafupi ngati mphuno, dzanja osachigwira.

Salt Lake City, imirira nawenso! Ku msasa wokonzekera Olimpiki mudaitanidwa mochedwa, Simon Gagné atavulala, ngati munthu wongodzaza mpata. Koma Wayne Gretzky, amene ankasankha timu ya Canada, adaona mtengo ndipo sadaubweze. Dziko limene limati hockey ndi yawo lidali litatha zaka 50 osalawa golide wa Olimpiki. Omaliza kumutenga adali a Edmonton Mercurys, ku Oslo mu 1952, anyamata a mumzinda wanu womwe. Pa 24 Febuluwale 2002, mu fainali yolimbana ndi America pakwawo, mudaima pambali pa Joe Sakic n'kumwetsa zigoli ziwiri. Canada 5, America 2. Ludzu la zaka 50 lidatha tsiku limenelo, ndipo inu mudakhala mwamuna wakuda woyamba kuvala golide pa Olimpiki ya m'nyengo yachisanu. Woitanidwa kumapeto, wodyera pa mbale ya mfumu! Mwala wotolera m'njira, wosanduka fuwa la pamoto!

Ndipo mumzinda womwewo, kutali ndi makamera, mudakumana ndi ochemerera ochokera ku Calgary amene ankagona m'galimoto chifukwa malo ogona adawakanika. Simudawauze kuti pepani n'kudutsa. Mudawapezera chipinda ku hotelo, ndalama n'kutuluka m'thumba mwanu. Amayi, nthungululu apa! Golide amaona dziko lonse, koma chipinda chija adachiona ndi anthu ozizidwa okha. Mthunzi wosafunsa dzina la mlendo!

Mu 2003 Craig Conroy, mnzanu wa pakati amene ankakupatsirani kampira, adavula ukaputeni n'kuupereka kwa inu ndi manja awiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la ku Calgary lidapeza mitu: Darryl Sutter mphunzitsi wa nkhope yosaseka, Miikka Kiprusoff goloboyi wa ku Finland wodekha ngati dziwe, ndi gulu la anyamata olimbikira amene maina awo sankagulitsa nyuzipepala. Inu mudamwetsa zigoli 41, kufanana ndi Rick Nash ndi Ilya Kovalchuk pa ufumu wa zigoli, ndipo khomo la chipulula lidatseguka patatha zaka zisanu ndi ziwiri.

Mbi-mbi-mbi-mbi! Fulumirani, manja, 2004 yafika!

Kuti munthu anyamule Stanley Cup ayenera kupambana masewero 16, kudutsa matimu anayi, ndevu zikukula chifukwa mwambo wawo salola lumo chipulula chili mkati. Vancouver adagwa pa masewero achisanu ndi chiwiri, inu mutamwetsa ziwiri usiku umenewo. Detroit, mudzi wa akatswiri okhaokha, adagwa. San Jose adagwa. Msewu wa 17th Avenue ku Calgary udafiira ndi anthu mpaka adautcha Red Mile, ndipo nyumba ya Saddledome, ya denga lopindika ngati chishalo cha kavalo, inkanjenjemera ndi mfuu. Zigoli 13 m'chipulula chimenecho zidali zanu, kuposa wina aliyense. Nkhwangwa yodula mitengo itatu, mpini osaguluka!

Adatsala a Tampa Bay Lightning. Pa masewero achitatu mudataya magolovesi ndi Vincent Lecavalier, katswiri ndi katswiri, pa fainali penipeni, ndipo usiku womwewo mudagoletsa, mudapatsiranso chigoli, Calgary n'kupambana 3 kwa 0. Pa masewero achisanu, ku Tampa, nthawi yowonjezera itatalika, chisoti chanu chidagwa pa mkangano. Wina akadathamangira ku benchi. Inu mudatsala pa ayezi mutu uli pamtunda, miyendo italema, n'kulandira kampira, n'kukamenya ndi mphamvu yotsala. Goloboyi Nikolai Khabibulin adakabweza, koma kadagwera mnzanu Oleg Saprykin, ndipo iye adakakankhira muukonde. Masewero 15 m'thumba. Adatsala amodzi. Chikho chidanyamulidwa kupita ku Calgary, kukadikira kuseri kwa chitseko. Wosavala chisoti pa mvula ya miyala! Wopuma nkhondo itatha!

Tsopano tsitsani manja, anyamata. Mpanje wokha ulire, pang'onopang'ono.

Gu. Gu. Gu.

Masewero achisanu ndi chimodzi, pakhomo, zigoli ziwiri kwa ziwiri, nthawi ikutha. Kampira kadagunda nsapato ya mnzanu Martin Gélinas, kadalowera pa mzere wa golo, mwendo wa Khabibulin n'kukatulutsa. Oimbira sadaimbe chigoli. Mpaka lero ku Calgary alipo amene amalumbira kuti kadalowa. Masewero adapitirira, ndipo m'chigawo chachiwiri chowonjezera, patangotha masekondi 33, Martin St. Louis adagoletsa. Saddledome idangoti zii. Pa 7 Juni 2004, ku Tampa, Ruslan Fedotenko adamwetsa ziwiri, Conroy adabweza chimodzi, wezulo yomaliza n'kulira pa 2 kwa 1. Inu mudaima pa mzere, monga mwambo wa masewerowa ulili, n'kugwira chanza aliyense amene adakulandani chikho, ndi Lecavalier yemwe. Patapita miyezi yochepa eni matimu ndi osewera adakangana za malipiro, nyengo yonse ya 2004 mpaka 2005 idafa osaseweredwa, moto uja n'kuzirala pa mafuwa. Fainali ya Stanley Cup simudaipondenso.

Wofika pa chitsime, mtsuko n'kusweka pa mlomo wa chitsime! Wokolola 15, nkhokwe ikufuna 16! Wolira m'mimba, chanza chili chotambasula! Ngwazi zonse timaziona zikamaseka. Inu tidakuonani tsiku lakugwa, ndipo mudagwa ngati munthu wodziwa kuti ana akuyang'ana.

Kwezaninso, anyamata, mtengo sudazuke!

Wamtima wa nkhuku akadafota pamenepo. Inu mudabwerera ku munda. Nyengo 11 zotsatizana, kuwerengera ndi zina za m'mbuyo zija, iliyonse zigoli 30 kapena kuposa, mvula igwe, chilala chibwere, anzanu a pamzere asinthe, aphunzitsi asinthe. Mu 2008 mudafikanso pa zigoli 50, mapointi 98. Mbiri za Theoren Fleury ku Calgary mudazidutsa, ya zigoli ndi ya mapointi yomwe. Pointi ya 1,000 idabwera mu 2011, chigoli cha 500 mu Januwale 2012. Kuthamanga tsiku limodzi amatha ndi kalulu yemwe. Kudzuka m'mawa uliwonse, masewero 82 pa nyengo, mapewa atatupa, maondo akulira, n'kukaimanso pakona pomwe paja, ndiko kumafuna mtengo. Khasu losadziwa tchuthi! Kasupe wosaphwa mu Okutobala!

Ndipo usiku umene mudamwetsa chigoli cha 50 chija, ku Vancouver mu Epulo 2008, ndi usiku womwe Trevor Linden, mkhalakale wa timu ya kumeneko, ankasewera komaliza. Masewero atatha mudaitana anyamata anu onse, ndi amene adali atalowa kale m'chipinda chovalira, kuti adzamugwire chanza mdani wa zaka zambiri. Ulemu wotere sauphunzitsa pa bolodi la mphunzitsi. Kupatsa n'kuika: kuyambira mu 2000 chigoli chanu chilichonse chinkagwetsa madola 1,000 m'thumba la bungwe la KidSport, limene limalipirira ana osauka kuti nawonso asewere, ndipo mu 2005 mudakweza kufika pa 2,000. Hockey ndi masewero odula, nsapato ndi ndodo zimatha malipiro a kholo. Nyali yofiira ikayaka ku Saddledome, kwinakwake mwana ankapeza nsapato. Mphotho ya King Clancy mu 2004 ndi ya Mark Messier mu 2009 zidangochitira umboni zimene ana ankadziwa kale. Mtengo wogwetsa zipatso mbali ya njira!

Pete-pete-pete, gu! Mbalule, apa ndiye pako. Lankhula bwino, usathamange.

Vancouver, 28 Febuluwale 2010. Fainali ya Olimpiki, Canada pakwawo, America yemwe uja. Canada adatsogola ndi ziwiri, America n'kubweza chimodzi, ndipo kutatsala masekondi 24 Zach Parise adafananitsa. Dziko lonse lidagwira pamtima. Nthawi yowonjezera, wogoletsa ndiye watenga zonse. Inu mudali ndi zaka 32, zigoli zisanu za mpikisanowo zili kale m'thumba, kuposa aliyense. Sidney Crosby, mnyamata wa zaka 22, adalowa ndi kampira, kadamuthawira kumpanda, adakakankhira kwa inu n'kuthamangira kugolo. Ryan Suter adali pamsana panu, akukugwetsani. Maso anu adali kumpanda, golo simunkaliona. Pamenepo, pakati pa phokoso la anthu zikwizikwi, mudamva mawu amodzi: "Iggy!" Mtengo ukugwa, nthambi idatambasuka. Kampira kadachoka pa ndodo yanu inu mukupita pansi, kadapeza ndodo ya Crosby, kadadutsa pakati pa miyendo ya goloboyi Ryan Miller. Mphindi 7 ndi masekondi 40. Canada 3, America 2.

Chithunzi chimene chidazungulira dziko ndi cha Crosby, manja m'mwamba, kukamwa yasa. Chigoli cha golide amachitchula ndi dzina lake, ndipo n'koyenera. Koma ng'oma ino ikuimbira amene adali pansi. Mlenje wa zigoli mazanamazana, pa mphindi yaikulu ya moyo wake, adamva mnzake akuitana ndipo adapereka. Wakumva pakati pa mkuntho! Wopatsa ali chigwere! Golide wachiwiri pakhosi, maondo ali oyera ndi ayezi!

Gu-gu, gu! Gu-gu, gu!

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu Malichi 2013 Calgary itayamba kumanga timu yatsopano, mudavomera kusamuka, masewero 1,219, zigoli 525 ndi mapointi 1,095 n'kuzisiya pakhomo, mbiri zimene mpaka lero zili pamwamba pa timuyo. Mudapita ku Pittsburgh, kwa Crosby yemwe uja, chikho chikununkhira, koma a Boston adakutsekerani njira masewero anayi osabwezako. Mudapita ku Boston komweko, mudamwetsa 30 muli ndi zaka 36, timu idatsogola ligi yonse, koma a Montreal adaigwetsa m'ndime yachiwiri. Mudapita ku Colorado, ndipo mu Januwale 2016 chigoli cha 600 chidalowa. Mudamalizira ku Los Angeles mu 2017, pansi pa Darryl Sutter yemwe uja wa 2004, ndevu zitayamba imvi. Makomo anayi mudagogoda, ndipo paliponse eni mudzi adati mlendo uyu wabwera ndi khasu lake. Wapaulendo wosasiya mlomo, wosiya phazi lokha!

Werengani, owerenga, ng'oma ikupuma. Masewero 1,554. Zigoli 625. Zopatsira anzake 675. Mapointi 1,300. Onani bwino manambalawo: zimene adapatsa zaposa zimene adadya. Golide wa achinyamata a dziko lonse mu 1996, golide wa mpikisano wa dziko lonse mu 1997, World Cup mu 2004, golide wa Olimpiki kawiri. Chimodzi chokha palibe. Stanley Cup amalembapo maina a opambana, amawakhoma pa siliva chilembo ndi chilembo, ndipo mukachizungulira chikhocho mpaka chizungulire chikugwireni, dzina la Iginla simulipeza. Ng'oma siibisa zimenezo. Wotamanda wobisa chipsera ndiye kuti nkhope sakuidziwa.

Koma pa 30 Julayi 2018 mudabwerera ku Calgary kudzatsanzika masewero pakhomo, ndipo pa 2 Malichi 2019 nambala 12 idakwezedwa kudenga la Saddledome, kuti wina asadzaivalenso m'timu imeneyo. Mu 2020 adakusankhani kulowa mu Hockey Hall of Fame ku Toronto, chaka choyamba chimene dzina lanu lidaloledwa kuikidwa pa mndandanda, ndipo mudapeza Grant Fuhr ndi a Willie O'Ree atakhala kale m'nyumbamo. Mwana amene ankatchula dzina la Fuhr poyankha okayika adakhala pa mpando woyandikana naye. Ndipo mu 2024 mwana wanu Tij adatchulidwa wa nambala 6 ndi timu ya Utah, dzina loyamba limene timu yatsopanoyo idasankha. Bambo wa nambala 11, mwana wa nambala 6. Mbewu yagwa patsogolo pa tsinde!

Tsopano zonse pamodzi, mbalule, mpanje, gunda, manja ndi nthungululu!

Iginla, Mtengo Waukulu! Muzu ku Nigeria, tsinde ku St. Albert, nthambi pa Calgary. Mdzukulu wa agogo. Mphwake wa Fuhr pa njira ya a O'Ree. Mbewu yogulidwa ndi nkhokwe. Chikuni cha zaka zisanu ndi ziwiri. Wothetsa ludzu la zaka 50. Wogoneka alendo a m'galimoto. Wosavala chisoti. Wogwira chanza cha womulanda. Wogulira nsapato ana osawadziwa. Chikho chimasintha manja chaka ndi chaka, lero kwa uyu, mawa kwa uja, koma pa mthunzi wa mtengo amakhalapo ndi amene sadauone ukudzalidwa. Lero mwana wakuda ku Alberta, ku Ontario, ku Nova Scotia, akamanga zingwe za nsapato zake wina n'kumuuza kuti masewerowa si a anthu onga iye, yankho ali nalo pamlomo, ndipo yankholo ndi dzina lanu.

Zikopa zazizira, anyamata, moto watsala phulusa. Gunda, gona. Mpanje, gona. Mbalule, menya kamodzi kokha, ngati mnyamata uja akuitana pakati pa phokoso la Vancouver, ndipo tonse tikhale chete timve kampira kakuchoka pa ndodo ya munthu amene akugwa.

Gu!